Asanagule dzina la Nairobi, atiuze adzasiya chiyani

Nthawi iliyonse kukamveka kuti mzinda wa Nairobi ukhala ndi timu yatsopano ya kiriketi, mwambo wake umakhala umodzimodzi. Amabwereka chipinda m'hotela yapamwamba, amaitana atolankhani, amavundukula yunifolomu yonyezimira, kenako mkulu wina wovala suti amalonjeza kuti ulemerero wa 2003 ukubwerera. Ine ndikukana. Ulemerero umenewo sunachoke chifukwa chosowa yunifolomu, ndipo sudzabwerera chifukwa choti mponda matiki wina wa ku Dubai kapena ku Mumbai wagula dzina la mzindawu kwa milungu itatu.

Kwa inu amene kiriketi mumangoiona modutsa pa SuperSport, ndifotokoze pang'ono. Masewero akale a Test amatenga masiku asanu. A T20 amatha m'maola atatu kapena kuposerapo pang'ono, chifukwa timu iliyonse imapatsidwa maova 20 okha, ova imodzi kukhala mipira isanu ndi umodzi. Palinso a T10, omwe ndi theka la amenewo. Kufupikako kulibe mlandu. Munthu woweruka kuntchito angathe kuonera masewero onse madzulo amodzi, ndipo ine ndimawakonda. Pamene pali nkhani ndi pa umwini wa matimu. Chiyambire 2008, pamene dziko la India linakhazikitsa ligi ya IPL, matimu a m'maligi otere sakhalanso makalabu okhala ndi mamembala, bwalo lawolawo ndi ana ophunzira masewero. Amagulitsidwa. Wamalonda amalipira kwa okonza ligi, amapatsidwa dzina la mzinda, amasankha osewera pamndandanda kapena kuwagula pa okushoni, amasewera mwezi umodzi, basi aliyense kwawo. Ku India zimenezi zinabala ndalama zankhaninkhani, ndiye lero dziko lililonse likufuna IPL yakeyake.

Mu 2025 anthu a ku Kenya anauzidwa kuti yawo yafika. Kunalengezedwa ligi yotchedwa CKT20, mgwirizano wa bungwe la Cricket Kenya ndi kampani yakunja yotchedwa AOS, yomwe inalonjeza mashilingi 255 miliyoni pa zaka zisanu. Masewero anayenera kuyamba mu Novembala. Koma mpira usanaponyedwe ndi umodzi womwe, akuluakulu a bungwelo anali atagawanika kale. Ena ankati ligi ichitika, ena ankanenetsa kuti bodi sinavomereze mgwirizanowo ndipo wathetsedwa. Osewera, amene anauzidwa kuti tsopano adya thukuta lawo, anangotsala kuwerenga m'manyuzipepala mmene abwana awo akukokanirana.

Aka sikanali koyamba, ndipo apa ndi pamene mtima wanga umawawira, chifukwa anthu amaiwala msanga. Mu 2008 kunali Sahara Elite League, ya matimu anayi okhala ndi maina opekedwa m'ofesi: Northern Nomads, Southern Stars, Eastern Aces ndi Western Chiefs. Inazimiririka. Mu 2011, Kenya itagonja masewero onse asanu ndi amodzi ku World Cup, bungwe la Cricket Kenya, lomwe nthawiyo mkulu wake woyendetsa ntchito anali Tom Sears, linayambitsa East Africa Premier League. Munali Nairobi Buffaloes, Kongonis, Rift Valley Rhinos, Coast Pekee ndi matimu awiri a ku Uganda, Nile Knights ndi Rwenzori Warriors. Masewero ankaonetsedwa pa SuperSport, ndipo ganizo lake silinali loipa konse. Koma chaka chotsatira dzina la Nairobi Buffaloes linali litafufutika kale, timuyo ikutchedwa Kanbis Tigers. Ligiyo inafika 2013 n'kutha. Mu Januwale 2014, ku New Zealand, Kenya inalandidwa ufulu wosewera masewero ovomerezeka a ODI, aja a maova 50, ufulu umene inali nawo kuyambira m'ma 1990. Ligi ya matimu opangidwa dzulo inabwera, inapita, ndipo timu ya dziko inapitirira kulowa pansi.

Ndiye funso ndi lakuti, kodi amene anaikweza Kenya poyamba paja anali ndani? Sanali amalonda ogula maina a mizinda. Anali ana a m'makomboni a Nairobi okhala moyandikana ndi mabwalo a makalabu amene amwenye a mumzindamo anamanga kalekale: Nairobi Gymkhana, Sir Ali Muslim Club, Aga Khan, Simba Union ndi ena. Ana ngati Steve Tikolo ndi Maurice Odumbe, a ku Park Road, ankasuzumira pampanda, ankatola mipira ikatuluka, ankabwerera kwawo kukayeserera ndi timitengo ndi zitsononkho za chimanga. Makalabu anawatsegulira zipata, anawapatsa zida zakale, ndipo pang'onopang'ono anawaika m'matimu a akuluakulu mu ligi ya chigawo cha Nairobi. Taonani mndandanda wa osewera a nthawi imeneyo, muona kuti ndi wa pachibale: Tom, David ndi Steve Tikolo, Martin ndi Tony Suji, Kennedy Otieno ndi ang'ono ake David ndi Collins Obuya, Edward ndi Maurice Odumbe. Zimenezi zikutiuza kuti masewerowa analowa m'nyumba za anthu. Mkulu ankaphunzitsa mng'ono wake kuseri kwa nyumba, Lamulungu lililonse kunali masewero a ligi, chaka ndi chaka, popanda kamera ndi imodzi yomwe.

Zipatso zake dziko lonse linaziona. Pa 29 Febuluwale 1996, mumzinda wa Pune ku India, anyamatawa anapeza marani 166 okha, koma anatulutsa timu yonse ya West Indies, ya Brian Lara ndi Richie Richardson, itangopeza 93. Mu Okutobala chaka chomwecho Nairobi ndiyo inaona Shahid Afridi wa ku Pakistan akumenya marani 100 pa mipira 37. Mu 2000 bwalo la Nairobi Gymkhana linalandira matimu akuluakulu onse a padziko pa mpikisano wa ICC KnockOut, womwe New Zealand inapambana itagonjetsa India. Kenako World Cup ya 2003. Pa 24 Febuluwale, pabwalo lomwelo la Gymkhana, mnyamata Collins Obuya, amene ankathandiza mayi ake kugulitsa tomato pamsika, anagwetsa mawiketi asanu ndi kupereka marani 24 okha, Kenya n'kugonjetsa Sri Lanka ndi marani 53. Ndi zoona kuti New Zealand inakana kupita ku Nairobi ponena za chitetezo, Kenya n'kupatsidwa mapointi aulere. Koma inagonjetsanso Canada, Bangladesh ndi Zimbabwe pabwalo, mpaka kufika mu semifainolo, momwe inagonja ndi India ku Durban pa 20 Malichi. Mpaka lero palibe dziko lina losasewera Test limene linafika pamenepo mu World Cup ya maova 50.

Chinapha zonsezi n'chiyani? Anthu ena amakonda kunena kuti ndalama zinasowa. Ndalama zinasowadi, koma chinayamba kusowa ndi utsogoleri. Kuchokera pamene World Cup ya 2003 inatha mpaka kumayambiriro kwa 2006, timu imene inali m'gulu la matimu anayi otsiriza padziko inasewera ma ODI asanu okha. Pamenepa maiko akuluakulu ndi bungwe la ICC, loyendetsa kiriketi padziko lonse, ali ndi mlandu wawo, chifukwa anaitembenukira nsana. Koma kunyumba nako kunali mpungwepungwe. Osewera ankanyanyala chifukwa cha malipiro, akuluakulu a Kenya Cricket Association anali pamkangano ndi makalabu, boma linalowererapo, milandu inapita kukhoti, mpaka bungwe latsopano la Cricket Kenya linabadwa m'malo mwa lakale. Mu 2004 Maurice Odumbe, ngwazi ya ku Pune, analetsedwa kusewera kwa zaka zisanu atapezeka kuti ankalandira ndalama kwa munthu wa juga. Zonsezi zikuchitika, palibe amene ankatsegula zipata zatsopano kwa ana a ku Kisumu, Nakuru kapena Eldoret mochuluka momwe zinafunikira. Mbadwo wa Tikolo unakalamba popanda wolowa m'malo.

Matendawa sanachire. Mu Febuluwale 2018, Kenya itagonja masewero ake onse ku Namibia n'kutsitsidwa kupita m'gulu lachitatu, kaputeni Rakep Patel, kochi Thomas Odoyo ndi wapampando Jackie Janmohammed onse anatula pansi maudindo. Mu Ogasiti 2024 analemba ntchito Dodda Ganesh wa ku India ngati kochi, namuonetsa kwa atolankhani. Patangotha mwezi anamuchotsa, akuti ndondomeko sinatsatidwe pomulemba. Bungwe limene silingagwirizane pa kalata imodzi ya ntchito ya kochi, kodi lingayang'anire bwanji amalonda akunja okhala ndi maloya awo, makontirakiti a wailesi ya kanema, ndi ndalama zodutsa m'maiko atatu? Amene akunena kuti timu yatsopano ndiyo mankhwala ayankhe funso limeneli poyamba.

Tayang'anani kwa aneba awo. Mu Novembala 2023, ku Windhoek, Uganda inagonjetsa Zimbabwe n'kudzigulira malo ku T20 World Cup ya 2024, Kenya n'kutsalira. Pa World Cup imeneyo, ku Guyana, anyamata a ku Uganda anagonjetsa Papua New Guinea, m'timu mwawo muli Frank Nsubuga wa zaka 43 ndi Juma Miyagi wokulira m'komboni ya Naguru ku Kampala. Uganda ilibe ligi ya mamiliyoni. Ili ndi mpikisano wa masukulu umene wakhala ukuchitika kwa zaka zambirimbiri, ndi masukulu ngati Busoga College Mwiri amene amatulutsa osewera mbadwo ndi mbadwo. Ndipo mudziwe kuti Steve Tikolo yemweyo anakaphunzitsapo timu ya Uganda, kenako Tanzania, kenako Nigeria. Nzeru za ku Park Road zikumanga kwa eni, kwawo akudikira wogula dzina.

Sindikufuna kunamiza aliyense kuti ndalama za amalonda n'zosafunika. Wosewera wa ku Nairobi ali ndi lendi yoti alipire ndi ana oti awatumize kusukulu, ndipo sangadye mbiri ya 2003. Ngati milungu itatu ya T20 ingamupatse ndalama zoposa zimene amapeza chaka chonse, ndani angamuuze kuti akane? Kusewera limodzi ndi akatswiri akunja kumaphunzitsa zinthu zimene kochi sangaphunzitse ndi pakamwa. Komanso T20 ndiyo njira imene yatsegukira maiko ang'onoang'ono: World Cup yake tsopano ili ndi matimu 20, ndipo kiriketi ya mtundu umenewu idzaseweredwa ku Olympics ya ku Los Angeles mu 2028. Otsutsana nane adzatchulanso SA20 ya ku South Africa, imene inayamba mu Januwale 2023 ndipo mabwalo ake amadzaza. Zonsezi n'zoona.

Koma SA20 inapeza munda wolimalima. South Africa ili ndi masukulu osewera kiriketi, matimu a m'zigawo olipira osewera chaka chonse, ndi mabwalo ngati Newlands ndi Wanderers. Eni matimu onse asanu ndi amodzi a SA20 ndi omwenso ali ndi matimu mu IPL, anthu odziwika, okhala ndi mbiri yoti aiteteze. Ngakhale zili choncho, mtengo wake unaoneka mu Febuluwale 2024, pamene dzikolo linatumiza timu yachiwiri kukasewera Test ku New Zealand chifukwa akatswiri anali omangika ndi ligi. Ndipo SA20 isanabwere, ligi ya T20 Global League inagwa mu 2017 isanayambe n'komwe, n'kulisiya bungwe la kumeneko litaluza ndalama zambiri. Ngati zinatero ku Johannesburg, kuli bwanji ku Nairobi?

Amene amabwera kumaiko ngati Kenya nthawi zambiri si eni a Mumbai Indians. Amakhala ngati mavenda aja amene simuwaona nthawi yobzala, simuwaona nthawi yopalira, koma chimanga chikangocha atulukira ndi sikelo yawo pamsewu. Chitsanzo chili pafupi. Mu 2023 ku Harare kunayambika ligi ya Zim Afro T10. Mwa matimu ake asanu, atatu anali ndi maina a mizinda ya ku South Africa: Durban Qalandars, Cape Town Samp Army ndi Joburg Buffaloes. Masewero onse anachitikira ku Harare. Chaka chotsatira kunabwera ina yotchedwa NYS Lagos, pamene ya Durban inali itasanduka Wolves. Kodi mwana wa ku Lagos anapindula chiyani ndi timu yosewera ku Harare m'dzina la mzinda wake? Dzinalo linali chikwangwani chokopera oonera pa kanema ndi pa intaneti kumaiko akutali. Tsiku lina mudzamva za timu yotchedwa Nairobi ikusewera ku Sharjah, mulibe Mkenya ndi mmodzi yemwe, ndipo adzakuuzani kuti ndi chitukuko cha Africa.

Pali zinthu ziwiri zimene zimatsata maligi otere kulikonse. Choyamba ndi kusalipira. Mu Januwale 2025, mu Bangladesh Premier League, ligi yakale ndithu ya dziko losewera Test, osewera akunja a timu ya Durbar Rajshahi anakana kulowa m'bwalo chifukwa sanalandire malipiro, mpaka boma linalowererapo. Chachiwiri n'choopsa kuposa pamenepo. Ligi yaing'ono ikamaonetsedwa kwa anthu mamiliyoni obetcha kunja, pamene wosewera ali m'bwalo sanalipidwe, amene amafika msanga ndi foni m'manja ndi wa juga. Iye safuna kuti timu igonje masewero onse. Amangopempha mpira umodzi woponyedwa molakwika mu ova yakutiyakuti, ndipo amalipira pompopompo. Mu 2023 ICC inaimba milandu anthu asanu ndi atatu okhudzana ndi timu ya Pune Devils ya mu Abu Dhabi T10, ndipo ena mwa iwo anali eni timu enieniwo. Mu 2024 mwini timu ya Dambulla Thunders ku Sri Lanka anamangidwa pomuganizira zofuna kugulitsa masewero, ligi isanayambe. Dziko limene linataya Odumbe mwanjira imeneyi silingauzidwe kuti nkhawayi ndi yongopeka.

Ife Amalawi nkhani ya dzina ndi ndalama timaidziwa bwino kudzera mu mpira wamiyendo. Timu ya Bullets yakhalapo Bata, Total, Bakili, Nyasa, lero FCB Nyasa. Wanderers yakhalapo Yamaha, Limbe Leaf, MTL, Be Forward, Mukuru. Othandiza ndi ndalama amabwera ndi kupita, ena amachoka timu ili m'ngongole, koma Maule ndi Manoma sanafe, chifukwa matimuwa analipo wandalamayo asanafike. Anayamba m'ma 1960, ali ndi masapota ku Ndirande, ku Bangwe, mpaka ku Karonga, amene anatengera chikondicho kwa makolo awo. Wandalama akachoka, anthu amasonkha, amalira, amakangana, timu n'kudzukanso. Timu yopangidwa m'hotela ilibe munthu woilirira. Mwini wake akaona kuti masamu sakuyenda, amatseka buku, ndipo tsiku lomwelo timuyo yatha. Ku Nairobi makalabu okhala ndi mizu alipo mpaka lero: Kanbis ya ku Eastleigh, Swamibapa, Stray Lions, Ruaraka, Sikh Union, ndi akademe imene a kwa Obuya anakhazikitsa. Ligi iliyonse yatsopano imene ikulambalala makalabu amenewa, koma ikudalira osewera amene iwo anaphunzitsa ndi mabwalo amene iwo amathirira, ikudya za eni.

Choncho sindikunena kuti chitseko chitsekedwe. Ndikunena kuti wofuna dzina la Nairobi alipire mtengo wake weniweni. Malipiro onse a osewera aikidwe kubanki, m'manja mwa wina wosakhala mwini timu, mpira woyamba usanaponyedwe. Mwini timu adziwike ndi dzina ndi nkhope, ndipo anene poyera ngati ali ndi gawo m'kampani ya juga. Lamulo limene ICC inakhazikitsa mu 2023, loti m'ligi yatsopano osewera asanu ndi awiri mwa khumi ndi mmodzi akhale a m'dzikomo kapena a maiko ang'onoang'ono, lisapotozedwe podzaza timu ndi alendo ochokera kumaiko ena ang'onoang'ono. Ku Nairobi asanu ndi awiriwo akhale Akenya, ndipo aziponya ndi kumenya mpira panthawi yofunika, asamangothamangitsa mipira kumalire a bwalo. Koposa zonse, timu iliyonse imangiriridwe ku kalabu ndi masukulu otchulidwa maina m'kontirakiti, kuti ligi ikatha patsale neti yophunzirira, kochi wolipidwa miyezi khumi ndi iwiri, ndi timu ya atsikana. Kontirakitiyo iwerengedwe pamaso pa makalabu onse, isasainidwe ndi anthu awiri usiku. Wamalonda woona sadzathawa zimenezi, popeza zimatetezanso ndalama zake. Amene adzathawe ndiye amene timayenera kumuopa.

Kwa a Cricket Kenya mawu anga ndi achidule. Konzani nyumba yanu kaye. Ligi ya chigawo cha Nairobi, ya ku Mombasa ndi ya ku Nakuru zikhale ndi kalendala yodalirika, osewera a timu ya dziko alandire zawo panthawi yake, ndalama zochokera ku ICC ziwerengedwe poyera. Mu Okutobala 2024 mabwalo a Nairobi analandira bwinobwino mpikisano wodzigulira malo ku World Cup, uja Zimbabwe inamenya marani 344 polimbana ndi Gambia pa Ruaraka. Mabwalo alipo, odziwa ntchito alipo. Chosowa ndi anthu okhoza kukhala pa tebulo limodzi chaka chathunthu osatengerana kukhoti.

Nkhaniyi ndailemba m'Chichewa chifukwa ikubwera kwathu. Kiriketi ya Malawi ikukwera. Timu yathu inayamba masewero ovomerezeka a T20 mu Novembala 2019 polimbana ndi Mozambique. Mu 2024 inachita bwino ku Dar es Salaam, ndipo mu 2025 inali ku Harare m'gulu la matimu asanu ndi atatu olimbirana malo a Africa ku World Cup, limodzi ndi Kenya yomweyo. Anyamata ndi atsikana akuphunzira masewerowa ku Blantyre ndi ku Lilongwe, ndipo bwalo la TCA Oval likulandira matimu akunja. Kumene kwayamba kucha, ogula amafika. Adzabwera ndi zithunzi zokongola za timu yotchedwa Blantyre chakuti kapena Lilongwe chakuti, ndi malonjezo a madola amene bungwe lathu silinawaonepo.

A Cricket Malawi, a Unduna wa Zamasewero, a Malawi National Council of Sports, ndi inu makolo a ana amene ayamba kugwira bati: tsiku limenelo musathamangire kujambulitsa. Afunseni alendowo kuti ndalama za osewera zili kubanki iti, eni timu ndani, ndipo mwezi wa masewero ukatha adzasiya makochi angati m'masukulu athu. Akalephera kuyankha, musawapatse dzina la mzinda uliwonse wa dziko lino.